Kuchoka mu Misisi kukafika mu Batoka: pulani ya masiku 4 ya Heroes na Unity

Ngati uwelenga nyuzi iyi mapazi yali pa njelwa chifukwa manzi yangena futi mu nyumba, nidziwa uzakamba kuti mtolankhani uyu wafuntha. Ni March, mu Misisi tiyenda modumpha pa miyala, nsapato ku manja, ndiye ine nabwela kukuuza kuti uyambe kusunga ndalama zokalipila manzi. Eya, kulipila. Ukwele basi makilomita pafupifupi 480, useluke mu chigwa cha miyala, ungene mu boti ya mphila, Zambezi ikuchape monga chovala cha salaula, pambuyo pake ukwele phili na miyendo yako. Usanayatsile mbaula pepa iyi, nimveleko.

Manzi yamene tidziwa

Ine ninakulila kufupi na njanji, mu nyumba ya marumu yawili. Mu 2010 nenze na zaka 9 pamene manzi yanatichotsa mu nyumba, boma inatinyamula pamodzi na mabanja ena kukatiika mu matenti ku Independence Stadium. Wamene anakulila kuno safunika kumuuza chifukwa. Komboni yathu inakhala pa mwala, ndipo pamene anthu anakumba miyala yomangila Lusaka panasala vimigodi vodzala manzi. Mvula ikalimba manzi yalibe koyenda. Yachoka kumwamba, yachoka na pansi, vimbudzi visefukila, pambuyo pake kolela. Ukumbukila January 2024 pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala.

Ndiye pali Ngwenya. Mnzanga wamene tenze kukhala naye desiki imodzi anayenda kukasamba kuja pa Sondo, anamuchotsa pa Chiwili. Kuchokela tsiku ija Amai anaika lamulo: manzi yopitilila mu maondo, mwana wao sangenamo. Nakula osadziwa kunyaya, monga iwe na anzako ambili.

Chaka chatha pamene ninawaonetsa vidiyo ya rafting pa foni, anayang'ana nthawi itali.

"Iwe mwana, anzako imfa iwapeza yeka. Iwe ufuna kuilondola na ndalama zako?"

"Amai, kuli majekete, kuli na anthu otiyang'anila."

"Jekete ni Mulungu?"

Ninayenda ndithu, ise anthu 6. Tinabwela tonse 6. Kuja manzi ni yaukali kuchila Ngwenya kutali, koma pali munthu wamene adziwa mwala uliwonse, pali jekete, pali lamulo, ndipo palibe wamene angena ali yekha. Kuno mwana angena mu chimugodi na kabudula chabe, palibe omuona. Iyi ndiye pulani yamene tinatsatila, pamodzi na vamene tinalakwitsa.

Weekend iti?

Ulendo uyu ufuna masiku 4: yoyenda, yokwela, ya pa manzi, na yobwela. Heroes Day ni Mande yoyamba ya July, Unity Day ni Chiwili yotsatila. Ukaikapo Chiwelu na Sondo, masiku 4 yakwana osapempha bwana livu.

Koma dziwa kuti Zambezi ili na kalenda yake. Mvula yamene igwa ku Ikelenge na ku Angola ichedwa mu chigwa cha Barotse, ndiye pa mathithi manzi yafika pachimake cha mu April. Nthawi iyo rafting amaivala. Mu July manzi yakali yambili, mathithi yali full, ndipo maboti yayambila chapakati pa chigwa, osati pa rapid 1. Ngati ufuna kuyambila pansi penipeni pa mathithi, lindila manzi yachepe, kuyambila cha mu August kufika December. Farmers' Day, Mande yoyamba ya August, ikupatsa masiku 3 chabe, uzathamanga. Independence mu October, dzuwa ya mu chigwa ingakuphike, ndipo mbali ya Zambia ya mathithi nthawi zambili isala mwala woyuma. Kwa munthu woyamba, July ili bwino. Tuma foni ku kampani mu June ufunse ngati atsegula, chifukwa chaka na chaka manzi yasiyana.

Nkhani ya ndalama

Apa sinizakunamiza. Rafting amaitchaja mu madola, ndipo ipitilila madola 100 munthu mmodzi. Mu dziko mwamene malipilo yochepetsetsa ya wogwila nchito ya mu nyumba yanaikidwa pa K1,300 mu January 2024, iyo ni ndalama ya lendi na unga. Nchifukwa chake ukaona vithunzi va rafting, mu boti ni azungu okhaokha, wakuda ni uja ali kumbuyo na nkhafi. Mathithi yali pa botolo ya Mosi yamene ugwila pa Chisanu, yali na pa chizindikilo cha dziko, mizele yoyela ija pa chishango chakuda, koma ambili a ise tizakalamba osayaona.

Ise tinachita so. Tinayamba chilimba yamene palibe wodya. Aliyense K350 pa sabata kwa masabata 16, kukwana K5,600 munthu mmodzi, ndipo inakwana mokokela. Ndalama yenze kusungiwa na mlongo mmodzi wa mu gulu wamene agulitsa pa Soweto, chifukwa ndiye yekha wamene sabetcha bola. Ikafika pa mlingo, tenze kulipililatu: poyamba depoziti ya boti, pambuyo pogona. Ndalama yamene yayenda kale singadyewe pa bala.

Ngati K350 yakulemela, ika K150. Masabata 16 ni K2,400. Boti uzaiona chabe, koma basi, pogona motchipa, mathithi na kukwela Boiling Pot ungakwanitse mukaphika mweka. Mitengo isintha, funsa ya lelo. Nyamula NRC, chifukwa pa geti ya mathithi mwana wa muno salipila monga mlendo wakunja. Ku kampani ya maboti funsa osachita nsoni: "Mtengo wa a muno ni zingati? Tili 6." Funsa futi ngati ndalama ya paki, chakudya na motoka vili mukati.

Vinthu viwili osachita. Osatenga kaloba. Manzi yasila pa maola yochepa, nkhongole izakupelekeza mpaka Khisimisi. Ndipo osatuma ndalama ku peji ya Facebook yamene ilibe ofesi. Lipila kampani ya laisensi, yamene ungaipeze pa khomo mu Livingstone, utenge lisiti.

Chiwelu: pa mseu

Gula tikiti ku Intercity tsiku isanafike, chifukwa pa holide mipando isila. Ise tinadalila mwayi, angwang'wazi anatikokela mu basi yamene inanyamuka 11 koloko m'malo mwa 7, tinafika usiku. Tenga ya kuseni-seni. Ni maola 7 olo 8.

Khala ku windo. Ukapita Chilanga na bulichi ya Kafue, pa Turnpike mseu ugawika: wina uyenda ku Chirundu, wanu ukhota kumanja. Posachedwa muyamba kukwela Munali Hills. Mu Misisi a Phiri ni ambili koma phili kulibe, ndiye kwa ena apa ndiye poyamba kuona dziko ikuimilila. Ukaseluka ni minda ya nzimbe ya Nakambala pa Mazabuka, pambuyo Monze, Choma, Kalomo, Zimba. Kalomo iyo uiona yaing'ono inakhalapo likulu mpaka 1907. Livingstone nayo yenze likulu ya Northern Rhodesia kufikila 1935, pamene Lusaka inatenga mpando. Uli mu dziko ya Atonga, phunzilako mau: "Mwabuka buti" kuseni, "Twalumba" pothokoza. Mu Livingstone chinyanja chimveka, koma ulemu utsitsa mtengo wa tomato.

Pogona, funa ma backpackers yamene mugona ambili mu rumu imodzi, olo ma guesthouse ya ku Maramba na Dambwa. Ngati kuli a anti kuja, atumileni foni manje, osati pa Chisanu usiku, ndipo musayende manja-manja. Ndiwo gulani pa Maramba Market. July ku Livingstone kuzizila kuseni, nyamula juzi. Chenjezo imodzi yamene a Lusaka amaseka: njovu zimayenda mu mseu wa ku mathithi, nthawi zina mpaka mu makomboni. Osayenda na miyendo mseu uja kukayamba kuda. Njovu si galu wa aneba.

Sondo: phili yoyang'ana pansi

Mathithi yali makilomita pafupifupi 10 kuchoka mu tauni, mataxi yogawana yaliko. Fika geti ikangotseguka. Mosi-oa-Tunya ni mamita 1,708 mu ufupi wake kuchoka mbali iyi kufika mbali ija, ndipo manzi yagwa mamita 108 pamene pali patali kwambili. Findeco House, yamene tiiona tikaimilila pa njanji, ni mamita 90. Ganiza Findeco yonse yangena mu mgodi, pamwamba pakali malo, ndipo mtsinje wonse ugwela mwamene umo. David Livingstone anafika apa mu November 1855, koma anthu a kwa Mukuni enze apa kale, na dzina yao.

Pa Knife Edge Bridge uzanyowa monga wagwidwa na mvula ya January. Foni ika mu pulasitiki ya buledi, umange. Ma wigi na ma eyelash, alongo anga, siyani ku rumu. Mmodzi wa ise anaphunzila mochedwa.

Manje kukwela. Phili ya ku Livingstone inayang'ana pansi: uyamba na kuseluka, kukwela kubwela pothela pamene mphamvu zasila. Njila ya ku Boiling Pot iyambila mukati mwa paki, iseluka pa masitepe na miyala, ipita mu mitengo ya kanjedza, ifika pamene manzi yonse ya mathithi yazungulila monga nsima ikubwata. Ukayang'ana kumwamba uona bulichi ya 1905, na anthu akudumpha bungee mamita 111 na nthambo ku miyendo. Kuseluka uzaseka. Kukwela uzadziwa kuti michopo na Mosi vili na mtengo. Nyamula manzi yakumwa malita 2, vala tekisi yogwila pansi, osati patapata. Anyani a mu njila ija ni akawalala kuchila a pa City Market: akaona pulasitiki ku manja, ni yao. Chakudya chikhale mu chola cha kumsana, ndipo akakulanda osalimbana nao. Pa Boiling Pot osangena mu manzi, olo kuika phazi pa mwala wonyowa kuti chithunzi chiwame. Kumwamba kwa mathithi chimodzimodzi.

Iyi ndiye mayeso yako ya mailo. Ukalephela kukwela Boiling Pot, ganiza kawili pa va boti. Ngati utapa manzi pa kiosk na chigubu cha malita 20, uli kale pa tulening'i. Ngati nchito yako ni ya pa mpando monga yanga, yamba manje: siya basi, yenda na miyendo kuchoka ku nyumba kufika mu tauni na kubwela, katatu pa sabata.

Mu mazulo yenda pa bulichi. Pempha bridge pass ku imigilesheni, uimilile pakati, phazi imodzi Zambia ina Zimbabwe. Nthawi ikasala, Livingstone Museum, yamene inayamba mu 1934, ili mu tauni. Usiku uyo gona msanga. Moba osagwila.

Mande: mu boti

Motoka ikutenga kuseni. Akupatsa fomu yosaina, jekete, chisote na nkhafi. Ana osafika zaka 15 salola. Ngati uli na pakati, BP, asima olo vuto ya mtima, kamba. Ngati sudziwa kunyaya, kamba futi, pa menso pa anthu onse. Ine ninachita nsoni, koma gaidi ananiika pafupi na eve, anamanga jekete yanga mpaka kupuma kunavuta. Anati jekete yomasuka isala pamwamba, mwine wake ayenda pansi.

Rafting pa Zambezi inayamba mu 1981 na gulu ya ku America ya Sobek. Lelo magaidi ambili ni anyamata a mu minzi ya pafupi na chigwa, ndipo ena avala Nyaminyami pa khosi. Ma rapid yali na manambala na maina: Stairway to Heaven ni 5, Devil's Toilet Bowl ni 6, The Mother ni 13, Washing Machine ni 15, Oblivion ni 18. Yakulu yafika giredi 5. Nambala 9, Commercial Suicide, alendo saoloka na boti, aseluka ayenda pa miyala. Ukamvela maina aya, uzamvetsa Amai.

Malamulo ni yochepa. Gaidi akakamba palasa, palasa. Akakamba pansi, gwada mu boti ugwile nthambo. Ukagwela mu manzi, gona chagada, miyendo kutsogolo, osayesa kuimilila chifukwa phazi ingagwidwe mu mwala. Pali anyamata a tuma kayak amene ayenda pambali, nchito yao ni kutola ogwa.

Ise tinagubuduka pa Terminator, nambala 16. Ninaona chipupa cha manzi yobiliwila, pambuyo mdima. Sinizakamba kuti nenze olimba. Pansi paja ninaganiza mnzanga wa pa desiki, ninaganiza kuti ndiye vamene anaona. Koma jekete inanikoka kumwamba, ninapuma, funde ina inanimenya, ninapuma futi, ndipo mnyamata wa kayak enze kale pafupi akuti, "Gwila apa, boi, osaopa." Akuti vonse vinatenga masekondi yochepa. Ananikokela mu boti monga thumba ya malasha, ninalila pang'ono, anzanga anaganiza ni manzi chabe ya pa menso. Rapid yotsatila ninapalasa kuchila onse.

Pakati pa ma rapid mtsinje ukhala zii. Vipupa va mwala wakuda viimilila uku na uku, nkhwazi ilila kumwamba, palibe bala, palibe hutala, palibe jenileta. Mwana wa mu komboni sakhalapo pa malo yopanda chongo chotele. Ine iyo mphindi ndiye niikumbukila kuchila kugubuduka.

Pothela ndiye phili yeniyeni. Kuchoka mu chigwa ni kukwela ma Findeco yawili na kupitililako, pa miyala na makwelelo ya mitengo, thupi yolema, dzuwa pa mutu. Funsa kampani pasadakhale momwe muzachokela. Kwela pang'ono-pang'ono, pumula, osapikisana. Pamene iwe ukoka mpweya, anyamata onyamula katundu azakupitilila na boti yopeteka pa mapewa, ena mu patapata. Sunga kandalama ka iwo na ka gaidi mu bajeti kuchokela pa chiyambi. Ni anzathu aja, nchito yao ni yolema monga ya amai ophwanya miyala kuno kwathu.

Chiwili: kubwela

Tikiti yobwelela gula pa Chiwelu ukangofika. Nyamuka kuseni, chifukwa pa Chitatu bwana safuna kumvela va Terminator. Miyendo izawawa masiku 3. Vidiyo ya kampani ni yodula, gulani imodzi mugawane.

Chifukwa chake nikuti chaka chino

Zambia na Zimbabwe, kupitila mu Zambezi River Authority, ali na pulani yomanga damu mu Batoka Gorge, makilomita pafupifupi 50 pansi pa mathithi, yopanga magetsi 2,400 MW yogawana pakati. Pulani iyi yakhala ichedwa zaka zambili, koma siinafe. Ikamangiwa, manzi yazabwelela kumbuyo mu chigwa, ndipo ma rapid yambili yazamila.

Ine pa nkhani iyi mtima uli pawili. Mu 2024, chilala pamene chinaumitsa Kariba, tenze kuona malaiti maola 3 pa tsiku. Wometa, wowotchelela mageti, mai wa mafiliziti, onse anakhala manja mu thumba. Munthu wa mu Misisi sangaseke nkhani ya magetsi. Koma mnyamata uja ananitola mu manzi nayenso adyetsa banja na mtsinje wamene uja. Tsiku yamene azatifunsa maganizo, olo kuti sazatifunsa, niona bwino kuti tikhale tinayaona malo yamene tikambapo, osati kumvela chabe kwa alendo.

Pamene ninabwela, Amai anaona vidiyo katatu. Pa Terminator anagwila pa mutu, ananitukana, anaibweza futi. Sabata yatha tinatsegula buku ya chilimba ya chaka chino, tili 9 manje. Pa Sondo ninapeza K150 yopeteka pansi pa foni yanga.

"Ni ya chani iyi, Amai?"

"Unilembe. Boti yanu sinikwela, ndine wamisala ine? Nifuna chabe nikayaone manzi yamene yangena mu mgodi osangena mu nyumba ya munthu."

Kwasala masabata 16. Funa anzako 5, funa mmodzi wamene sabetcha bola, muyambe pa Chisanu.